Zaluso zamakono: bwanji muyenera kukaziona ndi maso anu?

Ku Zomba kuli malo awiri amene munthu angakumane ndi zaluso. Oyamba ali paphiri, cha ku hotela ya Ku Chawe, pamene amisiri amayala ziboliboli, mipando ya mafumu ndi mabawo kudikira alendo. Achiwiri ali kumunsi ku Chirunga, ku Yunivesite ya Malawi imene ambiri timaitchabe Chanco, kumene achinyamata amaphunzira kujambula ndi kusema. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi waufupi, komabe anthu ambiri a mumzindamu amangodziwa oyambawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri nkhani ya zaluso zamakono ikayambika.

Kodi tikamati zaluso zamakono tikutanthauza chiyani?

Ambirife tinakulira pa muyeso umodzi: wodziwa kujambula ndi amene akajambula nkhope ya agogo, aliyense pakhomo amavomera kuti ndi iwowodi. Ku pulayimale, mwana amene aphunzitsi ankamutuma kujambula mapu a Malawi kapena chambo pa bolodi ndiye ankatchedwa waluso. Muyeso umenewu si wolakwika, koma ndi wopanikiza.

Ku Ulaya, kamera itafala m'zaka za m'ma 1800, ojambula ndi penti anayamba kudzifunsa kuti ntchito yawo yatsala yotani, poti makina ankafanizira nkhope mwachangu ndiponso motchipa. Ena anayamba kulondola kuwala kwa dzuwa, ena anaika mtima pa mitundu ya penti payokha, ena anaphwasula thupi la munthu n'kulilumikizanso mwa njira yawoyawo. Mu 1907 Pablo Picasso anajambula Les Demoiselles d'Avignon, chithunzi cha akazi asanu, ndipo awiri mwa iwo nkhope zawo zikufanana ndi zigoba za kuno ku Africa zimene zinkasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Trocadéro ku Paris. Mu 1917 Marcel Duchamp anatumiza ku chionetsero china ku New York chiwiya chokodzeramo chogula m'sitolo, n'kuchitcha Fountain. Okonza chionetserocho sanachiike poonekera, koma funso limene chinadzutsa lidakalipo: kodi chinthu chimakhala chaluso chifukwa cha manja amene achipanga, kapena chifukwa cha ganizo limene lachiika pamaso pathu?

Lero waluso amagwiritsa ntchito chilichonse chimene chinganyamule ganizo lake: dothi, nsalu, kanema, zinyalala, bwato lakale, ngakhale thupi lake lomwe.

Zithunzi za ntchito zimenezi zili mbwee pa intaneti. N'kuvutikiranji kukaziona pamalo?

Funsani munthu aliyense amene anakwerapo Phiri la Zomba n'kukaima pa Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Chithunzi cha malowo chili m'mafoni ambirimbiri: chigwa cha Phalombe, Phiri la Mulanje chapatali, Nyanja ya Chilwa cha kumanzere. Koma amene anaimapo amadziwa kuti chithunzicho sichinyamula mphepo yozizira, sichinyamula kunjenjemera kwa miyendo ukasuzumira kuphompho, ndipo sichinyamula nkhungu imene imabisa zonse n'kuzibwezanso mphindi zochepa. Ndi mmenenso zilili ndi ntchito ya waluso.

Foni imalinganiza zonse. Chithunzi cha Picasso chija n'chachitali kuposa mamita awiri, moti akaziwo amakuyang'ana ali amsinkhu wako kapena kukuposa. Pafoni chimakwana m'dzanja, chimodzimodzi ndi chithunzi cha keke ya paukwati chimene chabwera pambuyo pake pa WhatsApp. Chala chimachikankha chisanalankhule kanthu.

Foni imabisanso chimene chinthucho chapangidwa nacho. Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amapanga zithunzi za moyo wa pakhomo: mayi ali kukhitchini, mwana akugona, munthu akuwerenga. Pakompyuta mungaganize kuti ndi penti. Mukayandikira m'pamene mumaona kuti ndi tizidutswa ta nsalu ya silika tosokedwa pamanja, kuti ulusi ukuoneka, kuti m'mphepete mwina mwasiyidwa mosadula bwino mwadala, ndiponso kuti nsaluyo ikusintha kunyezimira mukasuntha phazi limodzi. Apo nkhani imasintha. Simukungoonanso mayi wa m'chithunzimo. Mukuona maola amene mayi wina anakhala pansi ndi singano kuti ntchito ya pakhomo, imene dziko siliiwerengera, ipachikidwe pakhoma lolemekezeka. Kusokako ndi theka la uthengawo, ndipo ndi theka limene foni imataya.

N'chimodzimodzinso El Anatsui wa ku Ghana, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Nsukka m'dziko la Nigeria. Ukakhala patali, ntchito zake zimaoneka ngati chinsalu chachifumu chagolide chotchinga khoma lonse. Ukafika pafupi umapeza kuti ndi zitsekerero za mabotolo a mowa zikwi ndi zikwi, zophwanyidwa n'kulumikizidwa ndi waya wa kopa. Ulendo wa mapazi ochepawo, kuchoka pa ulemerero kufika pa zinyalala za m'bala, ndiwo ntchitoyo. Palibe angakuyendereni.

Kodi zoterezi zinachitikapo ku Zomba kuno, kapena ndi nkhani za kunja zokha?

Zinachitika, ndipo si zachilendo kuti zinachitikira ku Zomba. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo nthambi yake ya zaluso ndi zisudzo yakhala ikusula amisiri ambiri a dziko lino. Kay Chiromo, katswiri wa penti amene anamwalira mu 1994, anaphunzitsa kumeneko. Willie Nampeya ndi Berlings Kaunda, odziwika pa zosema, anaphunzitsanso komweko.

Mmodzi mwa ophunzira amene anadutsa m'makalasi amenewa ndi Samson Kambalu, wobadwa mu 1975. M'chaka cha 2000 iye anaonetsa pa Chanco ntchito yotchedwa Holy Ball: mpira wamiyendo womatidwa thupi lonse ndi masamba a Baibulo, ndipo obwera kudzaona ankaloledwa kuusewera. Palibe nkhope yofanizidwa pamenepa, palibe mtengo wosemedwa. Aliyense amene ali ndi guluu akhoza kumata mapepala pa mpira.

Tsono taganizani kuti mwalowa m'chipindamo, mpirawo wagubuduka n'kuima pa phazi lanu. Mwendo umene unakulira pa mpira wachikulunga ukufuna kumenya. Maso aona vesi limene munaloweza ku Sande sukulu, ndipo mtima ukukaniza. Zinthu ziwiri zimene Amalawi timazikonda kwambiri, tchalitchi ndi mpira, zakumana pa chala chanu chachikulu, ndipo muyenera kusankha anthu ena akukuonani. Mukamenya, mwanena kanthu za inu mwini. Mukalambalala, mwanenanso kanthu. Mukautola n'kuyamba kuwerenga, mwachita chinthu chimene mwina simunachite ndi Baibulo la kunyumba kwa miyezi ingapo.

Munthu woona mpira umenewu pa chithunzi amangoti, "Ndaumva nkhani yake," n'kupitirira. Woona pamalo sangapitirire osasankha. Apa ndi pamene ganizo lakale lija, loti zaluso ndi chinthu chokongola chimene wina wapanga kuti ife tingochiyamikira, limayamba kugwedezeka. Ntchitoyo siili pa mpira pokha. Ili pakati pa mpirawo ndi inu.

Koma kumata Baibulo pa mpira si kunyoza chikhulupiriro cha anthu?

Mkhristu amene zamuwawa ali ndi chifukwa chomveka, ndipo palibe amene ayenera kumuuza kuti ndi mbuli. Buku limene munthu amaligwira polira maliro ndi pobatiza mwana si pepala wamba kwa iye. Ine sindingamukakamize kuukonda mpirawo.

Chimene ndingamupemphe n'chakuti asaweruze za m'maluwa. Nkhani yongomva imafika itakonzedwa kale ndi wokuuzayo: akuti wina akuponda Mawu a Mulungu. Pamalo, munthu amaona zambiri zimene mphekesera imasiya. Amaona kuti masambawo amatidwa mosamala, kuti mawu akuwerengeka, kuti palibe amene akukakamizidwa kumenya. Akhoza kutulukamo akadali wokwiya, koma mkwiyo wake udzakhala wa chinthu chimene waona, ndipo adzatha kunena bwinobwino chimene chamulasa. Kukana koteroko n'kwaulemu, ndipo waluso weniweni amakulandira. Mzinda wa Zomba ukudziwa bwino zimene zimachitika anthu akamaweruza ntchito ya mmisiri ndi mantha okha: lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo la 1968 linatseka pakamwa ambiri, ndipo mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chanco pomwepo, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

A Kambalu omwewa ndi amene anaimika chipilala cha John Chilembwe ku London?

Ndi omwewo. Atachoka ku Zomba anakaphunzira ku England, ndipo lero amaphunzitsa zaluso ku Yunivesite ya Oxford. Mu 2015 ntchito zawo zinaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha ku Venice. Mu Seputembala 2022 chosema chawo chotchedwa Antelope chinaikidwa pa nsanja ina ya pa Trafalgar Square, pakatikati pa London, pamene kuyambira 1999 pamaikidwa ntchito za aluso osiyanasiyana mosinthana.

Chosemacho chinachokera pa chithunzi cha 1914, chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. M'chithunzimo Mbusa Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, ndipo onse avala zipewa. Nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo nkhani ya chipewayi inatchulidwa mobwerezabwereza ndi mboni zimene zinafunsidwa boma litayamba kufufuza kuukira kwa Januwale 1915. A Kambalu anasintha chinthu chimodzi chokha: anakuza Chilembwe mpaka kutalika pafupifupi kawiri kuposa Chorley, amene anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba.

Nkhope ya Chilembwe timaigwira tsiku ndi tsiku pa K500 ndi K2000, ndipo pa 15 Januwale timapuma pomukumbukira. Tinazolowera kumuona ali wamng'ono, wopindidwa m'thumba. Woima pansi pa nsanja ija ankayenera kupenya kumwamba kuti aone chipewacho, m'bwalo lodzaza ndi zipilala za akuluakulu a nkhondo a ufumu umene unamupha. Kukweza khosi kumeneko kunali mbali ya chosemacho. Chomvetsa chisoni n'chakuti Amalawi ambiri amene nkhaniyi ndi yawo anachiona pafoni pokha, pamene Chilembwe ndi Chorley onse anali aafupi kuposa chala.

Ena amati, "Izi ngakhale mwana wanga angapange." Akulakwa?

Nthawi zina akunena zoona pa mbali ya manja. Mwana akhoza kumata mapepala, akhoza kupaka chinsalu penti yofiira yokhayokha. Koma mwanayo sanasankhe kuti pa zinthu zonse za m'dziko lino, mpira ndi Baibulo ndizo ziyenera kukumana, ndipo zikumanire pa sukulu ya ukachenjede, patangotha zaka zochepa anthu atayamba kulankhula momasuka. Kuona chimene aliyense akuchidutsa, n'kuchiika pamalo pamene sangachidutsenso, ndi luso, ndipo ndi losowa kuposa la kufanizira nkhope.

Komanso mawu amenewa amanenedwa kwambiri ndi amene aona chithunzi chokha. Ukaima pafupi ndi chinsalu chimene patali chimaoneka ngati penti yongothiridwa, umaona kuti pali mitundu ina pansi pa mtundu wapamwambawo, kuti pena burashi inathamanga pena inakwawa, kuti mmisiri anafufuta n'kuyambiranso. Aluso ambiri amene anasiya kufanizira ankadziwa kufanizira bwino lomwe. Picasso ankajambula nkhope zenizeni adakali mnyamata. Anasiya chifukwa chimene ankafuna kunena sichikanakwana m'menemo.

Kodi zonsezi si zachizungu zimene tikungotengera?

Funso ili ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa yankho lake lili pakhomo pathu. Chimene tinatengera kwa azungu, kudzera m'sukulu za mishoni ndi m'mabuku a m'kalasi, ndi ganizo loti chithunzi chabwino n'chofanana ndi mwini wake, chotsekeredwa mu felemu, chopachikidwa pakhoma. Makolo athu sankaganiza choncho.

Pitani ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zimene zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Zambirizo sizifanizira nyama kapena munthu. Zoyera, za Achewa, zili ndi zinyama zotambasula miyendo zimene simungazipeze m'tchire lililonse, ndipo n'zokhudzana ndi chinamwali ndi nyau. Amene anajambula zimenezi sanalephere kufanizira. Ankanena zinthu zimene wophunzitsidwa yekha ndiye amazimva, pamalo pake, pa nthawi yake. Ukaima pansi pa thanthwe la ku Mphunzi kapena ku Chentcherere umazindikira kuti phangalo, kuwala kwake ndi njira yokafikirako ndi mbali ya chojambulacho.

Gule wamkulu ndiye umboni woposa. Chigoba chopachikidwa pakhoma la hotela si gule. Gule amafuna ng'oma, fumbi, amayi oyankha nyimbo, ana othawa, ndi bwalo limene likudziwa chifukwa chake chilombo chatuluka lero. Nkhope ya Chadzunda kapena ya Simoni siyesa kufanana ndi munthu wina. Imakuza mbali imodzi ya khalidwe mpaka aliyense aione. Ndipo gule sanaope zatsopano: analandira Maliya, analandira galimoto, amalandira chilichonse chimene chafika m'mudzi n'kuyamba kusokoneza kapena kusangalatsa anthu. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare ikusunga zigoba zoposa 400. N'zofunika kuziona, koma amene anaonapo gule pabwalo amadziwa kuti m'nyumbamo zangokhala chete.

Kuno kummwera, Ayao pa mwambo wa lupanda ankaumba pansi zifanizo zazikulu zadothi zotchedwa inyago, zoti anamwali aone n'kuphunzirapo, osati zoti zisungidwe kapena kugulitsidwa. Waluso wamakono akaunjika dothi m'chipinda kwa mwezi umodzi kenako n'kulichotsa, anthu amadabwa. Agogo athu sakanadabwa.

A Kambalu amanena poyera kuti ntchito zawo zimamwa m'chitsime cha nyau. Timakanema tawo tatifupi, tosapitirira mphindi imodzi, amatitcha Nyau Cinema, ndipo dzina la chosema cha ku London chija likuloza kwa Kasiyamaliro. Ngakhale zosema zamiyala zotchuka za ku Zimbabwe zili ndi dzanja lathu: pamudzi wa amisiri wa Tengenenge, umene Tom Blomefield anauyambitsa mu 1966 pafamu ya fodya, ena mwa osema oyambirira anali Achewa ndi Ayao amene anapita kumeneko kukagwira ntchito m'minda. Choncho Mmalawi akaima pamaso pa ntchito yamakono n'kusokonezeka, chimene chamusokoneza kawirikawiri si chikhalidwe chake. Ndi maphunziro a m'kalasi amene anamuiwalitsa mmene kwawo amaonera zinthu.

Nanga osema ziboliboli paphiri paja, ntchito yawo ndi yotsika?

Ayi. Munthu amene amatenga chipika n'kutulutsamo mpando wa mfumu wa matabwa awiri olowana popanda msomali, kapena njovu imene miyendo yake inayi ikuima molingana, ali ndi luso limene ophunzira ambiri a ku Chirunga angalisirire. Amadziwa mtengo: umene umang'aluka, umene umalandira polishi, umene chiswe chimaukana.

Vuto lake ndi msika. Mlendo amene wakwera phiri kwa tsiku limodzi amafuna kanthu kokwana m'chikwama, kooneka kuti n'ka ku Africa, kotchipa. Akagula mvuu, mawa pamakhala mvuu khumi. Mmisiri amene ali ndi ana a sukulu sangathe sabata zitatu pa chinthu chimene mwina palibe adzachigule, ndipo palibe amene ali ndi ufulu womunyoza pa chifukwa chimenecho. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Zomba amakula akuganiza kuti zaluso ndi katundu wa alendo, wogulitsidwa pamodzi ndi masitiroberi ndi miyala yonyezimira ya m'phirimo, ndipo kuti iye sizimukhudza. Amisiri amenewa amaona phiri likupsa chaka ndi chaka m'chilimwe, amaona mitengo ikutha, amaona anthu akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu mbandakucha. Ali ndi zambiri zoti anene ndi sompho zawo. Chimene alibe ndi malo oonetsera ntchito yosafuna kusangalatsa wogula, ndi anthu akwawo obwera kudzaiona.

Kwenikweni chimasintha n'chiyani m'mutu mwa munthu akaona ntchito zotere pamalo?

Choyamba kusintha ndi funso limene amafunsa. Amalowa akufunsa kuti, "Chikufanana ndi chiyani?" Akakhalitsa amayamba kufunsa kuti, "Chikundichita chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani wachipanga chonchi osati mwanjira ina?" Funso lachiwirili lili ndi mayankho ambiri, ndipo limamulola munthu wosaphunzira zaluso kulankhulapo mopanda manyazi, poti aliyense amadziwa chimene wamva m'thupi mwake.

Kenako amasiya kuyembekeza kuti zaluso zizikhala zokongola nthawi zonse. Zithunzi za Malangatana wa ku Mozambique, amene anamwalira mu 2011, n'zodzaza ndi nkhope zothinana, mano, maso otuzuka ndi magazi. Palibe angazitche zokometsera pabalaza. Koma munthu wa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Nsanje amene anaona othawa nkhondo ya ku Mozambique akufika m'zaka za m'ma 1980 akhoza kuima patsogolo pake n'kuzindikira kuti zimenezo n'zoona kuposa chithunzi chilichonse cha kamera.

Chinanso n'chakuti amayamba kuona zinthu za tsiku ndi tsiku ndi diso lina. Massa Lemu, amene anaphunzira ndi kuphunzitsa pa Chanco asanapite ku America, pamodzi ndi anzake a gulu la Ozhopé akhala akugwiritsa ntchito mabwato akale ndi zinthu za m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi polankhula za moyo wa asodzi ndi za mapulani okumba mafuta m'nyanjamo. Elson Kambalu ku Lilongwe amajambula ndi dothi la mitundu yosiyanasiyana, dothi lomwelo limene amayi akumudzi amakongoletsera makoma. Ukaona zimenezi, bwato lobooka la ku Kachulu pa Nyanja ya Chilwa silikhalanso nkhuni chabe m'maso mwako, ndipo khoma lozira bwino la kwa azakhali umaliimirira kaye.

Ndiye kuti chilichonse choikidwa m'chionetsero n'chabwino?

Ayi ndithu. Zilipo ntchito zaulesi zobisala kumbuyo kwa mawu akuluakulu a Chingelezi olembedwa pakhoma, ndipo alipo aluso amene amangotsanzira zimene zikuyenda malonda ku Cape Town kapena ku Berlin. Kukaona pamalo ndi kumene kumavumbula zimenezi. Ntchito yopanda kanthu imaoneka bwino pa chithunzi chojambulidwa mwaluso, koma ukaima nayo mphindi zisanu imatha, ndipo umayamba kuyang'ana pakhomo. Yabwino imakula ukamaiyang'ana. Muli ndi ufulu wonse wonena kuti iyi yandigwira, iyo ayi, bola mwaipatsa nthawi.

Munthu amene sanalowepo m'chionetsero ayambe bwanji?

Asayambe ndi kuwerenga kapepala ka pakhoma. Aime patali, kenako ayandikire mpaka aone chimene chinthucho chapangidwa nacho, kenako abwererenso. Ngati n'chosema, achizungulire. Foni ikhale m'thumba mpaka atamaliza kuona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: ndi bwino kukhala ndi ntchito ziwiri kwa nthawi yaitali kusiyana ndi kuthamanga m'chipinda chonse. Kupita awiri kumathandiza, makamaka ngati simugwirizana, chifukwa potsutsana m'pamene munthu amaona zimene anaziphonya. Ndipo mwini ntchito akakhalapo, mufunseni. Musamufunse kuti "Chikutanthauza chiyani?" ngati mukufuna yankho la mayeso, mufunseni kuti anayambira pati, ndipo n'chiyani chinamuvuta.

Tingakazione kuti, poti ku London ndi kutali?

Apa m'pamene pali bala. Zimbabwe ili ndi nyumba ya dziko yoonetseramo zaluso ku Harare kuyambira 1957. Ku Lusaka kuli Henry Tayali Gallery, yotchedwa dzina la waluso wawo amene anamwalira mu 1987. Ku Cape Town anatsegula Zeitz MOCAA mu 2017. Ife tilibe nyumba ya dziko yoteroyo, ndipo n'chifukwa chake ntchito za ana athu otchuka zimaonedwa ndi anthu a mayiko ena ife tikungomva.

Komabe zilipo zoyambira. Ku Zomba, nthambi ya zaluso ya ku Chirunga ili ndi ophunzira amene chaka chilichonse amamaliza ntchito zofuna maso a anthu. Funsani nthawi imene akuonetsa, mupiteko ngakhale mulibe mwana pasukulupo. Ku Blantyre, ulendo wa makilomita osakwana 70, kuli zojambula ndi zosema ku Mandala House, ndipo Jacaranda Cultural Centre imachititsa zionetsero. Ku Lilongwe kuli malo angapo a aluso eni ake. Mua ndi Chongoni n'zotheka kuziona pa ulendo umodzi wa ku Dedza.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a sukulu za ku Zomba, Machinga ndi Chiradzulu amene amakweza ana m'basi kukaona damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe. Potsika phiri, patulani ola limodzi, mupemphe chilolezo ku Chirunga, anawo akalowe m'chipinda chimene anzawo okulirapo akusema ndi kupenta, akaone ndi kufunsa. Ndipo khonsolo ya mzinda, imene ili pakati pa nyumba zakale zambiri zotsala kuyambira pamene likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ipeze chipinda chimodzi chokhala ndi denga losadontha ndi khomo lotsegukira aliyense, kuti osema a paphiri ndi ophunzira a ku Chanco azionetsamo ntchito zawo pamodzi, kwaulere, chaka chonse.